Tsiku Limene Tinafunafuna Sipanala

Anthu kuno akamva kuti ndinagwirapo ntchito ku bwalo la ndege ku Lusaka amayamba kundipatsa ulemu umene si wanga. Ena amafunsa ngati m'mitambo mumazizira. Ine ndege yowuluka sindinaikwerepo. Ndalowamo kambirimbiri ili pansi, tsache lili m'manja, ndipo ndikhoza kukuuzani kuti mzungu akasanza amasanza ngati ife tomwe, koma za kumwambako kafunseni ena.

Ndinachoka kwathu ku Dowa masiku a Chitaganya, chaka chimene chimanga chinapserera m'munda. Ndinali mkamwini pamudzi pa mkazi wanga Nambewe, tili ndi ana awiri. Pamene ndinkamanga kamtolo kanga, mlamu wanga Elifala, mlongo wake wa Nambewe, anati nayenso apita. Anali munthu wa ndevu zake kale, koma kwa mlongo wakeyo anali adakali mwana. Nambewe sanakane. Anatiperekeza mpaka pamsewu, n'kundiuza kuti, "Abambo a Rute, malume wa ana anuwa ndi yekhayu, wina kulibe. Mwapita naye, mudzabwere naye." Ndinavomera msangamsanga, monga amavomerera munthu amene lole ikumuimbira bele.

Ku Lusaka tinapeza kanyumba m'komboni ya Kalingalinga, ka zidina zosawotcha, denga lake la migolo yosula. Mvula ikagwa tinkasamutsa mphasa kangapo kufuna pouma. Ubwino wake unali wakuti bwalo la ndege linali pafupi, poti nthawi imeneyo linali m'tauni momwemo, ndipo tinkapita wapansi. Tinayamba ndi kutchetcha udzu m'mbali mwa msewu wa ndege. M'mawa uliwonse tisanagwire zikwakwa ankatindandalika mzere umodzi, phewa ndi phewa, kuyenda msewu wonsewo maso ali pansi, kutola timiyala, misomali ndi tizidutswa ta waya. Kapitawo wathu anali a Mwanza a ku Fotijemusoni, kum'mawa kwa dzikolo, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Tsiku loyamba ndinaseka poona amuna aakuluakulu akutola timiyala ngati nkhuku, iwo n'kundimva.

"Iwe mu Nyasa, mvela," anatero a Mwanza. "Ndeke siili monga basi. Basi ikafa iimilila pa mseu, bantu baseluka. Manje iyi ikafa kumwamba, uzaiimika pati?"

Sindinasekenso.

Patapita zaka ziwiri kapena zitatu tinalowa m'shedi momwe ankakonzera ndege. Elifala anali ndi manja anzeru, choncho anamuika kuti azipatsira amekaniki zida ndi kutsuka injini. Ine, poti ndinkadziwa manambala a kusukulu ya mishoni, anandipatsa kiyi wa chipinda cha zida. M'chipindamo munali bolodi lalikulu loyera. Chida chilichonse chinali ndi msomali wake, ndipo kuseri kwake anajambulako chithunzi chake ndi penti yofiira. Chida chikachoka, chofiiracho chinkaonekera patali ngati chilonda. Lamulo linali limodzi: ndege imene yakonzedwa siuluka mpaka chofiira chilichonse chitaphimbika. Ngakhale nsanza zopukutira mafuta tinkaziwerenga potulutsa ndi pobweza.

Mwini lamuloli anali injiniya wamkulu, mzungu wamtali amene tinkamutcha Bwana Chipewa chifukwa sitinamuonepo mutu uli pamtunda. Sanali wankhanza, koma sankaseka. A Mwanza ankati ku nkhondo bwanayu anaonapo ndege itagwa ndi anzake ali momwemo chifukwa cha kachitsulo kamene munthu anaiwala m'injini. Kaya zinali zoona kaya a Mwanza anathirako mchere, ine ndinakhulupirira. Ndipo ndinene pano kuti lamulo limenelo sindinadane nalo, ngakhale lero. Zaka zonse zimene ndinakhala pamenepo palibe ndege yotuluka m'shedi yathu imene inagwa.

Ntchito inkakula tikuona. Pamene tinkafika, ndege zinkatera ziwiri kapena zitatu pa tsiku, nthawi zina tinkachita kuthamangitsa mbuzi pamsewu wake. Kenaka kunabwera zazikulu za injini zinayi, zolira mluzu wolasa m'makutu, ndipo anthu okwera anachuluka mpaka chipinda chodikirira chinachepa. Tinayamba kumva zoti adzamanga bwalo lina lalikulu kunja kwa tauni, njira ya ku Chongwe. Anatipatsa maovololo oyera okhala ndi chizindikiro cha kampani pachifuwa. Elifala wake ankamuchapa yekha ndi kumusita ndi simbi yobwereka, ndipo akavala ankayenda ngati ndege zonsezo ndi za bambo ake.

Koma kunja kwa mpanda dziko linali litatentha. Anthu anali atatopa ndi ulamuliro wa azungu, ndipo nafenso ufulu tinkaufuna, osanama. Chovuta chinali chakuti m'komboni mkwiyo sunkasankha. Kukachitika msonkhano apolisi ankabwera ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi, kumenya amene wapezeka pafupi, kaya ndi mayi wochokera kuchigayo. Apolisi akachoka, anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kufunsa makhadi, ndi kufufuza amene anaitana apolisiwo. Tsiku lina masana pampopi wa madzi ndinaona munthu akumenyedwa ndi njerwa chifukwa wina anangoti ndi kazitape. Ndinkamudziwa, ankasoka nsapato pansi pa mtengo. Ndinaima ndi ndowa yanga m'manja mpaka anamaliza, kenaka ndinatunga madzi n'kubwerera kunyumba. Manyazi a tsiku limenelo ndili nawobe, koma ndikanatani ine mlendo wa chitupa cha ku Nyasalande?

Kuyambira pamenepo ife a kubwalo la ndege tinapangana kuti ovololo azivulidwa pachipata ndi kukulungidwa m'pepala. Kampaniyo inali ya boma, ndipo chizindikiro chija m'komboni chinkaoneka ngati cha apolisi.

Nthawi yomweyo Elifala anapeza mbeta ku Matero, komboni ya kutsidya lina la tauni, dzina lake Esinati. Bambo ake, a Phiri, anali kalipentala wobadwira konko, ngakhale makolo awo anachokera ku Kasungu. Mlamu wanga anasanduka munthu wina. Ankaimba posamba, ankandifunsa ngati mano ake ndi oyera. Lamlungu lina tinagwira ntchito mpaka masana, kumaliza kukonza ndege yaikulu imene inkayenera kupita ku Halale mawa lake m'mawa. Pobweza zida iye anatsalira m'chipinda changa, akusisita kasipanala kakang'ono m'manja.

"Alamu, aka mundibwereke. Njinga ya apongozi yamasuka pa chiwongolero, masipanala a kumsika akungoterereka."

"Apongozi ati? Inu simunapereke ndi nkhuku yomwe, mwayamba kale kugwira ntchito ya chikamwini?"

"Ndiye poyambira pake pamenepa, alamu. Inu munayamba bwanji kwathu? Si munafolera nkhokwe ya amayi musanapatsidwe ndi madzi akumwa omwe?"

Ndinaseka, poti zinali zoona. Anati mawa m'mamawa kasipanalako kadzakhala pa msomali pake Bwana Chipewa asanafike. Lamlungu bwanayo sankabwera, amene ankawerenga zida anali a Mwanza, ndipo kuwerenga kwawo kunali kosuzumira pakhomo. Atasuzumira n'kufunsa kuti, "Vonse vilipo?" ine ndinaima kutsogolo kwa bolodi, msana utaphimba chofiira chija, n'kuyankha kuti zonse zilipo.

Pachipata Elifala sanavule ovololo. Jekete lake linali long'ambika pachigongono, ndipo ankafuna kuti ku Matero akamuone kuti ndi munthu wa ndege. Ndinamuuza kuti avule. Anati lero ndi Lamlungu, anthu ali kutchalitchi, ndani amenye munthu pa Sabata? Sindinalimbikire. Ndinamuona akukwera basi, ali mbuu ngati dokotala.

Chakumadzulo anthu anayamba kufika ku Kalingalinga akunena kuti ku Matero kwavuta, msonkhano wabalalitsidwa, mabasi aleka kuyenda. Ndinadziuza kuti wagona kwa a Phiri. Kunacha mphasa yake ili chipindire.

Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba, kapena kachiwiri, kaya kachitatu, ndinaleka kuwerenga. Mtima unkati pita ku Matero. Koma kiyi wa zida anali m'thumba mwanga, ndipo ndinaganiza kuti Elifala adzera konko kupita kuntchito, ndikamupeza pachipata akundiseka. Pachipata panalibe munthu. Ndinatsegula chipinda, ndinadikira, kenaka ndinapita kwa a Mwanza kuwauza kuti mlamu wanga sanabwere kuchokera ku Matero, andilole ndikamufune. Iwo anati akanena kwa bwana. Koma pamene ankapita, Bwana Chipewa anali ataima kale pa bolodi, chala chili pa chofiira chija.

Chipata anatseka. Analamula kuti pasatuluke munthu mpaka sipanala ipezeke, ndipo ndege ya ku Halale isasunthe. A Mwanza anamuuzadi za Elifala, ine ndikumva. Bwanayo anangoti mwina waledzera, abwera, n'kubwerera ku injini.

Mukanaona kufunafuna kwake. Amekaniki anatsegula injini zonse zinayi, kuunika ndi matochi paliponse. Ife tonse, amuna osachepera makumi anayi, anatindandalika kuyenda shedi yonse, kenaka pabwalo, kenaka m'udzu. Anakhuthula migolo ya zinyalala. Okwera ndege anakhala m'chipinda chawo akumwa tiyi, ena akukalipa, ndipo mtsikana wa kampani ankawapepesa kuti n'chifukwa cha moyo wawo womwe. Ine ndinali chogwada pansi pa benchi, kupapasa m'fumbi kufuna chinthu chimene ndinkadziwa kumene chili.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinanene. Ndadzifunsa ndekha zaka zonsezi. Kutulutsa chida cha kampani kunali kuba, ndipo kuba kunali ndende, kenaka kukwezedwa lole kubwezedwa kwanu chimanjamanja. Tikanapita tonse awiri, iye wotenga, ine wonama. Ndinkaganiza za ana, ndinkaganiza za ukwati wake umene ukanathera pomwepo. Ndipo nthawi ndi nthawi ndinkadzutsa mutu kuyang'ana kuchipata, ndili ndi chikhulupiriro chakuti atulukira, ndimulandire kasipanalako mobisa, ndikaponye m'udzu wina akatole. Cha m'ma naini ndinapemphanso a Mwanza. Anati, "Mulamu wako ni mukulu, azabwela. Ona bwana mwamene alili, ningakambe naye vya muntu manje?" Ndinabwerera kukagwada. Mantha anandimanga pakamwa, palibenso dzina lina limene ndingawapatse. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine mwambiwo ndinkaudziwa bwinobwino tsiku limenelo.

Dzuwa litapendeka, cha m'ma wani, dalaivala wa galimoto ya mafuta amene ankakhala ku Matero anafika mochedwa, n'kumafotokozera anzake za dzulo. Anati pafupi ndi msika anaona munthu wa ovololo woyera ali gone pansi, anthu akumulumpha pothawa. Ndinapita molunjika kwa Bwana Chipewa, osadzeranso kwa kapitawo, n'kunena kuti sipanala ili m'thumba mwa Elifala, ndinamubwereka ndine.

Sanakalipe. Anangofunsa ngati ndikudziwa nyumba ya a Phiri kumene Elifala anapita. Ndege sakanaimasula pa mawu anga okha, munthu amene ndinali nditanama kale, ankayenera kuiona sipanalayo ndi maso. Nthawi yomweyo galimoto ya kampani inapezeka, chipata chinatseguka. Anayendetsa yekha, a Mwanza pambali pake, ine kumbuyo.

Ku Matero msewu unali wodzaza miyala ndi magalasi osweka. Fungo la utsi uja linali lisanathe, linkayabwa m'maso. Apolisi anali pamphambano iliyonse, koma poona mzungu pa chiwongolero ankangotikweza dzanja. Anthu ankasuzumira m'mazenera n'kubwezanso makatani.

A Phiri anatsegula chitseko pang'ono, ataona ine anatsegula chonse. Elifala anali atagona pamphasa m'chipinda chapakati, mutu atamukulunga chitenje chimene chinali chitauma gwa ndi magazi. Ankapuma ngati munthu woliza mkonono, maso ali otseka mwatheka. Esinati anakhala pambali akumuingitsa ntchentche. Ndinamuitana, alamu, alamu, koma sanandimve.

"Tinamutola pafupi na maliketi," anatero a Phiri. "Anasiliza kukonza njinga, anati nibwelele kukalibe kufipa. Sitiziba ngati ni bapolisi olo ni banyamata, bonse benze kumenya. Benangu bakamba ati ni mwala, benangu ati ni chibonga."

Ndinafunsa chifukwa chake sanapite naye kuchipatala.

"Tate, motoka yenze kuti? Na kuchipatala bapolisi bagwila aliyense wamene ali na chilonda. Ise sindise babululu bake, sitingamupeleke mu manja ya boma imwe bene bake mulibe. Tenze kuyembekeza imwe. Kuseni enze kukamba bwino, anamwa na tiyi. Enze kufunsa ati ba mulamu bafika?"

Iwo anachita monga mwa mwambo, anadikira mwini wake wa munthu, ndipo mwini wakeyo ndinali ine. Ndinapisa dzanja m'thumba la pantchafu la ovololo uja, ndinatulutsa kasipanalako n'kupereka kwa Bwana Chipewa. Anakayang'ana, anakaika m'thumba la malaya. Kenaka anagwada, anatukula chitenje chija pang'ono, ndipo anavula chipewa. Anali ndi dazi. Anauza a Mwanza kuti timunyamule, tiyambira kuchipatala, ndege idikire.

Ndinamugoneka pamiyendo panga kumbuyo kwa galimoto. M'njira bwanayo analankhula osatembenuka, a Mwanza n'kumasulira. "Bwana afunsa ati, chifukwa chani sunakambe kuseni?"

"Ndinanena, bwana. Ndinati munthu wasowa."

A Mwanza anamasulira, bwanayo n'kupitiriza kuyendetsa. Ndinkadziwa kuti yankho langalo ndi loona, ndinkadziwanso kuti si lonse. Iye ankafunsa za sipanala, ndipo za sipanalazo ndinali nditakhala nazo chete kuyambira m'mawa.

Kuchipatala cha anthu akuda anthu ovulala anali mpaka pakhonde. Chifukwa cha mzungu uja anatilowetsa msanga. Wothandiza dokotala, bambo wachikulire, anamutsegula diso, anamugwira pakhosi, n'kundifunsa kuti wavulala liti. Nditamuuza anapukusa mutu. Anati magazi akhala akudontha m'kati mwa mutu, tikanabwera naye m'mawa akulankhula mwina adokotala akanayesa. Bwana Chipewa ndi a Mwanza anabwerera kuntchito. Ndili pakhonde pomwepo ndinamva mluzu wa ndege ya ku Halale ikunyamuka, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti inafika bwino. Elifala anatisiya dzuwa lisanalowe.

Tinamuika ku Lusaka konko. A Phiri anakhoma bokosi osalandira kanthu, anzathu a m'shedi anakumba manda, a Mwanza anatsogolera nyimbo. Palibe amene anamangidwa, palibe amene anabwera kudzafunsa. Kwa apolisi anali mmodzi wa ochita chipolowe, kwa a chipani anali munthu wa boma. Kumudzi ndinalemba kalata yakuti Elifala anavulazidwa pa chipolowe, tinathamangira naye kuchipatala, tinachita zonse zimene tikanatha.

Kundende sindinapite. Bwana Chipewa anangondilanda kiyi n'kundibweza ku mzere wotola timiyala, ndipo sanandiyang'anenso m'maso, inenso chimodzimodzi. Ndinakhalabe zaka zina zingapo, ndikutumiza kumudzi nsalu ndi kangachepe, koma osapitako. Ndinkati ntchito yachuluka. Zoona zake ndinkaopa nkhope ya mkazi wanga. Ufulu unabwera, anthu anavina m'misewu, nane ndinavina nawo pang'ono. Esinati anakwatiwa ndi kondakitala wa basi. Ndege zinapitirira kukula, ndipo pamene anayamba kusamukira ku bwalo latsopano lija ndinaona kuti miyendo yanga siyingathenso, ndinapempha kupuma.

Kumudzi ndinapeza apongozi anamwalira kalekale. Rute anali ndi mwana kumsana, ndipo mlongo wake wamng'ono, mnyamata amene ndinamusiya akukwawa, anandipatsa moni wa alendo. Milandu ya ana anga inkakambidwa ndi atsibweni akutali amene sankadziwa ndi maina awo omwe. Nambewe anali atachita imvi. Anandilandira bwino, ananditengera madzi osamba, sanandifunse kanthu za mlongo wake. Kusafunsako ndiko kunkandipweteka koposa.

Patatha milungu ingapo, tsiku lina masana tikuswa mtedza pakhonde, ndinamuuza zonse. Ndinayambira pa bolodi, ndinanena za msana wanga wophimba chofiira, za kugwada kwanga pansi pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, za tiyi amene Elifala anamwa akundifunsa. Sindinasiyeko kanthu. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena anditukwana, kapena andiuza kuti ndinyamule katundu wanga ndizipita kwathu, poti mudziwo unali wake. Chilichonse mwa zimenezi ndikanachilandira ndi manja awiri.

Iye anapitiriza kuswa mtedza mpaka m'dzanja mwake munatha. Kenaka anafunsa kuti, "Ndiye m'mawa muja anali akulankhula?"

Ndinati inde.

"Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti panalibe chochita," anatero. "Kalata yanu ija ndi imene inkandigonetsa tulo. Mukanangokhala nazo, abambo a Rute. Inu mwatula, tsopano mwasenzetsa ine."

Anakutumula makoko pa chitenje chake, ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Tinakhala limodzi zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pake, akundiphikira, akundichapira, ndipo dzina la mlongo wake sanalitchulenso ine ndili pomwepo mpaka tsiku limene tinamuika.